Amuna anga akufuna kugona konkuno ku England: kodi manda a khonsolo amagulidwa bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Manchester: "Bambo akunyumba akudwala khansa, ndipo madokotala atiuza kuti tikonzekere. Iwo eni ake anena kuti tisadzawatengere kumudzi ku Ntcheu, akufuna kugona konkuno kuti ana athu atatu azitha kukawaona. Ndamva kuti kuno manda amachita kugula ku khonsolo. Ndiyambire pati? Komanso alamu anga, ang'ono awo a bambo, akuti mapepala onse adzasaina ndi iwo chifukwa ndiwo mwamuna wa pabanja. Ndivomere?"

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Ndikudziwa kuti kufunsa za manda munthu akadapuma kumamveka ngati malodza, ndipo kwathu ena akanakudzudzulani kuti mukumufulumizitsa wodwala. Ine sindikudzudzulani. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuthandiza mabanja pa nkhani ya manda kuno ku England, ndipo amene ndawaona akuvutika kwambiri ndi aja amayamba kufunsa thupi lili kale ku mochale, maso atatupa ndi kulira, n'kumangosaina pepala lililonse lomwe apatsidwa.

Ndiyambe ndi funso lanu lomalizali chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Alamu anuwo akuthandizeni pa china chilichonse: kuthamangathamanga, kulandira alendo pasiwa, kusonkhanitsa chipepeso, kulankhula ndi akumudzi, kuyankhulapo m'malo mwa akuchimuna pa tsiku la mwambo. Koma pali chikalata chimodzi chimene dzina lanu liyenera kukhalapo, zivute zitani. Ndicho chikalata cha umwini wa manda.

Kwathu manda ndi a mudzi. Amfumu akaloza malo, adzukulu amalawirira ndi makasu, ndipo palibe amene amafunsa pepala. Ngakhale m'tauni, ku HHI ku Blantyre kapena ku Area 18 ku Lilongwe komwe timalipira ku khonsolo, nkhani ya chiliza ikadzabwera amangokhala pansi akubanja n'kumvana. Kuno sizili choncho. Choyamba, chimene mumagula si malo ayi. Dothilo limakhalabe la khonsolo. Inu mumagula chimene amachitcha Exclusive Right of Burial, kutanthauza ufulu woti inu nokha ndi amene munganene yemwe aikidwe m'dzenjemo, ndipo ufuluwo uli ndi zaka zake. Lamulo la mu 1977 loyendetsera manda a makhonsolo ku England ndi ku Wales, Local Authorities' Cemeteries Order, silimalola kuti apereke zaka zoposa 100 nthawi imodzi. Makhonsolo ena amapereka zaka 99, ena 75, ena 50, ena 30 zokha. Zakazo zikamatha mumatha kulipira kuti akuwonjezereni. Mukalipira amakupatsani chikalata chotchedwa Deed of Grant, ndipo amene dzina lake lalembedwa pamenepo ndiye mwini manda pamaso pa khonsolo. Kaya ndinu mkazi wa malemu, kaya ndinu mwana woyamba kubadwa, ngati dzina lanu palibe, simungaike chiliza, simungawonjezere ngakhale chilembo chimodzi pa mwala, ndipo simungatsegulitse mandawo kuti muikemo munthu wina.

Sindidzaiwala mayi wina wa kwathu amene anabwera ndi envulopu ya khaki, muli ndalama zomwe anasunga kwa chaka chathunthu pogwira mashifiti a usiku kunyumba yosamalira okalamba. Anali atasankha kale mwala wakuda, atalemba papepala vesi loti lizokotedwe, ngakhale tsiku lokaonetsa chiliza anali atawauza kale azimayi a kumpingo. Titatsegula kaundula tinapeza kuti mwini manda ndi mchimwene wa malemu, amene anasaina pa tsiku la zovuta chifukwa mayiyo sankatha ngakhale kugwira cholembera. Bamboyo sanachite zimenezi ndi mtima woipa, ankathandiza. Koma pofika nthawi imeneyi anali atabwerera kumudzi, foni yake sinkapezeka, komanso panali kusamvana pa nkhani ya katundu. Mayi uja anakhala pampando, envulopu ili pamiyendo, n'kundifunsa kuti, "Ndiye kuti amuna anga omwe ndiwapemphere chilolezo kwa munthu wina?" Panatenga miyezi yambiri, mapepala akupita ku Malawi n'kubwerera, kuti mwala uja uime. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamva mawu akuti "ndisainira ndine".

Tsono njira yake ndi iyi. Makhonsolo ambiri amalola kuti pachikalatapo pakhale maina awiri kapena kuposerapo. Lembetsani dzina lanu, ndipo ngati muli ndi mwana amene wakwanitsa zaka 18, muwonjezereni. Mukafuna kuwalemekeza alamu anu powaikapo nawonso, dziwani kuti kuyambira pamenepo chilichonse chokhudza mandawo chidzafuna siginecha yawo, kulikonse kumene adzakhale. Ine ndikanakonda kuti ulemu wawo uonekere pa mwambo, osati pa chikalatachi. Auzeni mofatsa, pamaso pa bambo akadali ndi mphamvu yolankhula, kuti ndi momwe malamulo a kuno alili. Mawu akachokera pakamwa pa mkulu wawo sadzawaona ngati mwano wa mlamu.

Nanga mungagule panopa? Zimatengera khonsolo. Ena amagulitsa manda munthu akadali moyo, koma ambiri anasiya chifukwa malo akuchepa, ndipo amangogulitsa imfa ikachitika. Imbani foni ku ofesi yotchedwa Bereavement Services ya khonsolo yanu, mufunse. Akakulolani, musalembetse dzina la bambo lokha. N'zoona kuti mwini manda amaloledwa kuikidwamo popanda chilolezo cha wina, koma akangoikidwa, mandawo amakhala opanda mwini wamoyo, ndipo chiliza sichingaikidwe mpaka umwini utasamutsidwa. Kusamutsako kumafuna mapepala a chuma cha masiye otchedwa probate, kapena kukalumbira kwa loya, ndipo ena onse amene ali ndi gawo lofanana amayenera kusaina kuti akusiyirani. Ngati ukwati wanu unali wa chinkhoswe chokha ndipo setifiketi mulibe m'manja, kutsimikizira kuti ndinu mkazi wawo kudzakudyerani nthawi ina. Dzina lanu likakhalapo kuyambira pachiyambi, zonsezi mwazipewa.

Mwati mumakhala ku Manchester, koma yang'anani kaye kalata yanu ya council tax, msonkho wa nyumba umene mumalipira ku khonsolo. Dera la Greater Manchester lili ndi makhonsolo 10, ndipo anthu ambiri amene amati ndi a ku Manchester msonkho wawo umapita ku Salford, Trafford, Stockport, Oldham kapena Bolton. Zimenezi n'zofunika chifukwa mtengo wa manda umasiyana pakati pa wokhala m'dera la khonsoloyo ndi wochokera kunja, ndipo wakunja nthawi zambiri amalipira kawiri, kwina katatu. Southern Cemetery ya ku Chorlton, yomwe inatsegulidwa mu 1879 ndipo ndi manda a khonsolo aakulu kuposa onse mu Britain, ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Manchester. Mukhoza kukhala pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera pachipata chake koma n'kuwerengedwa ngati mlendo chifukwa nyumba yanu ili mbali ya Trafford. Sungani pafupi kalata zosonyeza adiresi ya bambo. Ngati angadzagonekedwe ku hospice, nyumba yosamalira odwala amene ali kumapeto a moyo, ya m'dera lina, funsiranitu ngati adzawawerengabe ngati a kwanuko.

Pofunsa mtengo musakhutire ndi nambala imodzi. Pali ndalama ya ufulu wa manda uja, pali ya kukumba ndi kukwirira yomwe imalipidwa payokha nthawi iliyonse manda akatsegulidwa, pali ya chilolezo cha chiliza, ndipo mukafuna kugwiritsa ntchito katchalitchi ka kumandako nakonso n'kolipira. Zonsezi n'za khonsolo, ndipo za kampani ya zamaliro, monga bokosi, galimoto ndi kusunga thupi, zimabwera pamwamba. Kuyambira mu 2021 lamulo limakakamiza kampani iliyonse ya zamaliro kuonetsa mitengo yake poyera pa chikalata chotchedwa Standardised Price List, pawindo ndi pa intaneti pomwe. Yerekezani makampani awiri kapena atatu panopa mutu ukadali m'malo. Kumbukiraninso kuti amene wasaina mgwirizano ndi kampaniyo ndi amene ngongole imamutsata, ngakhale pamsonkhano wa pasiwa anthu atalonjeza zambiri.

Pali zinthu zitatu zimene zimasankhidwa kamodzi kokha, ndipo mukalakwitsa n'kovuta kubweza.

Choyamba ndi kuya kwa dzenje. Kuno manda amodzi amatha kulandira anthu awiri kapena atatu, bokosi lina pamwamba pa linzake. Ndikudziwa kuti kwa ife zimenezi n'zachilendo, ndipo ena zimawachititsa nthumanzi. Koma ganizirani bwino. Lamulo limafuna kuti bokosi la pamwamba likhale mafiti osachepera 3 kuchokera pamwamba pa nthaka, kupatula pomwe dothi lake limalola kucheperako pang'ono, komanso pakati pa mabokosi awiri pakhale dothi la mainchesi 6. Ndiye ngati woyamba aikidwa pa dzenje la munthu mmodzi, palibenso njira yoti wachiwiri adzalowemo. Ngati mumtima mwanu muli maganizo oti tsiku lina mudzagone pamodzi ndi amuna anu, nenani kuti akumbe la anthu awiri. Mukadzasintha maganizo n'kukagona kwanu, simunataye zambiri. Koma mukakumbitsa la mmodzi n'kudzafuna malo pafupi nawo patapita zaka 20, mudzapeza mbali zonse muli anthu ena.

Chachiwiri, chimene anthu athu ambiri sachidziwa, ndi mbali ya manda yomwe mwasankha. Manda ambiri a khonsolo, makamaka akale, ali ndi chigawo chimene chinapatulidwa ndi bishopu wa Church of England, chomwe amachitcha consecrated, ndi chigawo china chosapatulidwa. Poyang'ana ndi maso simungasiyanitse, udzu ndi womwewo. Kusiyana kumadzaoneka tsiku limene banja lafuna kufukula mafupa. M'chigawo chosapatulidwa mumapempha chilolezo ku Ministry of Justice, unduna wa zachilungamo, motsatira lamulo la Burial Act la mu 1857. M'chigawo chopatulidwa nkhani imapita ku khoti la mpingo, ndipo khoti limeneli limayambira pa mfundo yoti Mkhristu akaikidwa waikidwa, kufukula kumaloledwa pokhapokha pali chifukwa chapadera. Mfundoyi inatsindikidwa pa mlandu wa manda a Blagdon mu 2002. Ndikunena izi chifukwa moyo wa kuno sudziwika. Mwina ana adzabwerera ku Malawi, mwina mapepala adzavuta, mwina inu mudzakalambira ku Ntcheu n'kufuna kuti bambo abwere kwawo. Ngati khomo limenelo mukufuna likhale lotsegula, pemphani chigawo chosapatulidwa. Abusa anu kapena ansembe adzadalitsa dzenjelo pa tsiku loika, ndipo pemphero lawo silisintha malamulo a malowo.

Chachitatu ndi mtundu wa chiliza. Zigawo zambiri zatsopano ndi za kapinga, zomwe amazitcha lawn section. Kumeneko amangolola mwala wa kumutu wokha, wa msinkhu umene iwo anakhazikitsa. Mtumbira amausalaza n'kudzalapo udzu kuti makina otchetchera azidutsa. Simungamange mpanda, simungawake simenti kuzungulira, simungayale matailosi monga timachitira kwathu, ndipo mabotolo agalasi ndi timipanda ta pulasitiki amachotsa. Ndaonapo bambo wina akulira ngati mwana atapeza maluwa omwe anadzala pamanda a mkazi wake atazulidwa, pomwe ogwira ntchito ankangotsatira malamulo omwe iye anasainira osawerenga. Ngati mtima wanu ukufuna chiliza chathunthu chokuta manda onse, funsani ngati ali ndi chigawo chomwe amalola miyala ya m'mbali. Ndipo chilizacho simumanga nokha ndi achibale. Amaika ndi mmisiri wovomerezeka ndi khonsolo, kawirikawiri wolembetsedwa ku BRAMM kapena ku NAMM, mabungwe a amisiri a ziliza, atatenga chilolezo chosainidwa ndi mwini manda. Malo ambiri amati mudikire miyezi 6 mpaka chaka kuti dothi likhazikike, zomwe zimagwirizana bwino ndi chizolowezi chathu choonetsa chiliza pakatha chaka.

Tsopano za tsiku limene sitikulifunalo. Kuyambira pa 9 September 2024, imfa iliyonse ku England ndi ku Wales imene sikufufuzidwa ndi coroner, mkulu wofufuza imfa zadzidzidzi kapena zokayikitsa, imayamba yaunikidwa ndi dokotala wapadera wotchedwa medical examiner. A ku ofesi yake adzakuimbirani foni kukufotokozerani chomwe chalembedwa kuti ndicho chatenga moyo, ndipo mukhoza kufunsa chilichonse chimene sichinakukomereni pa chisamaliro cha wodwala. Akakuuzani kuti mapepala apita, muli ndi masiku 5 oti mukalembetse imfa ku register office. Kumeneko adzakupatsani setifiketi ya imfa, ndipo gulani makope angapo chifukwa a banki, a penshoni ndi a inshuwalansi aliyense adzafuna yake. Adzakupatsaninso fomu yobiriwira, imene aliyense amangoitcha green form. Popanda fomu imeneyi, kapena chilolezo cha coroner ngati imfayo ikufufuzidwa, khonsolo siingalole kuti munthu aikidwe. Mumaipereka ku kampani ya zamaliro, ndipo iwo amatumiza ku manda pamodzi ndi fomu yodziwitsa za kuika maliro, imene imafunika kufika masiku angapo ogwira ntchito tsikulo lisanakwane. Pa fomu imeneyi ndi pomwe pamalembedwa dzina la mwini manda. Iwerengeni ndi maso anu musanasaine, ngakhale misozi ikutchinga.

Akumudzi auzenitu kuti kuno maliro sagona masiku awiri okha. Masabata awiri kapena atatu ndi zachizolowezi, ndipo si kunyozera malemu. Koma abale athu achisilamu makhonsolo ambiri anawakonzera njira yofulumira, ndi chigawo chawochawo choyang'ana ku Qibla, mbali ya ku Makka.

Pa tsiku loika, nthawi ndi nthawi. Amakupatsani ola lanu, ndipo pambuyo panu pamakhala banja lina. Mukachedwa kutchalitchi chifukwa olankhula achuluka, ena amalipiritsa, ndipo Loweruka, lomwe anthu athu amalikonda chifukwa cha mashifiti, limakwera mtengo kapena silipezeka n'komwe. Mbiri ya malemu, mawu a akuchimuna ndi akuchikazi, a kumpingo ndi a bungwe la Amalawi, zonsezi zichitikire kutchalitchi kapena kuholo. Mukafuna bokosi lalikulu la mtundu wa casket, nenani msanga chifukwa dzenje amakumba motsatira muyeso wa bokosi, ndipo lalikulu limawonjezera mtengo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachisiye. Azungu ambiri amaponya kadothi pang'ono n'kuchoka, dzenje lili pululu, ogwira ntchito n'kudzakwirira anthu atapita. Kwa ife kuchoka kumanda bokosi likuoneka kuli ngati kumutaya munthu panjira. Makhonsolo ambiri amalola achibale kukwirira okha ngati mwapempha pasadakhale, chifukwa Asilamu ndi anthu ochokera ku Caribbean akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Uzani a kampani ya zamaliro alembe pa fomu. Ndinaimapo pa maliro ena mwezi wa February, mphepo ikulasa m'mafupa, anyamata atavula majekete a suti n'kumalandirana mafosholo, nsapato zawo zakuda zitasanduka zofiira ndi matope, azimayi atafunda zitenje pamwamba pa makhoti akuimba osalekeza mpaka mtumbira unakwera. Mnyamata wina anagwira foni m'mwamba nthawi yonseyo kuti agogo a kumudzi aone pa WhatsApp. Nkhata zitaikidwa, namfedwa anapuma mpweya wautali, ndipo ndinaona kuti tsopano wavomereza.

Za thandizo la ndalama ndinene mwachidule. Boma lili ndi Funeral Expenses Payment kwa amene akulandira thandizo monga Universal Credit kapena Pension Credit. Imalipira za kumanda, kuwonjezera apo ndalama zofika £1,000 za zinthu zina, ndipo mumapempha pasanathe miyezi 6 chichitikireni maliro. Koma ngati viza yanu ili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la boma lotere, monga ambiri obwera pa ntchito yosamalira odwala, imeneyi musaipemphe. Bereavement Support Payment, yothandiza amene mwamuna kapena mkazi wake wamwalira, ndi ina, imadalira ndalama za National Insurance zomwe bambo ankadulidwa pamalipiro, ndipo kuti mulandire yonse pemphani pasanathe miyezi itatu. Mabanki ambiri amalola kulipira bilu ya maliro kuchokera mu akaunti ya malemu mukawaonetsa setifiketi ya imfa ndi invoisi. Funsaninso kuntchito kwawo ngati anali pa ndondomeko yopereka ndalama munthu akamwalira akadali pa ntchito. Zikakanikiratu, lamulo la Public Health (Control of Disease) Act la mu 1984 limalamula khonsolo kuika munthu amene palibe womuika, ndipo siliwalola kuwotcha thupi ngati akudziwa kuti malemu sankafuna. Koma maliro otero tsiku amasankha ndi iwo, mandawo amakhala a khonsolo, mumatha kugona anthu osadziwana, ndipo kawirikawiri chiliza sichiloledwa. Musanafike pamenepo gogodani ku mpingo ndi ku gulu la Amalawi a m'dera lanu. Maliro n'kulirana, ndipo kuno ndaona anthu osadziwana n'komwe akusonkha usiku umodzi.

Nkhani ya akumudzi ndiyo mwina idzakupwetekeni mutu kuposa mapepala onsewa. Kudzakhala atsibweni amene adzanene kuti mwana wathu sangagone kuchilendo, ndipo mlandu adzaukankhira pa inu. Musadikire kuti mudzadziteteze nokha. Bambo akadali ndi mawu, aimbire foni mwini mbumba ndi makolo ngati alipo, anene okha chimene akufuna. Alembenso papepala, asaine, kapena ajambulidwe pa foni akulankhula, alamu anuwo ali pomwepo ngati mboni. Ndipo ngati pa mapeto pake iwo eni atasintha maganizo n'kufuna kupita kwawo, njira ilipo: coroner amadziwitsidwa pa Form 104 kuti thupi likutuluka m'dziko, ndipo kampani ya zamaliro imakonza zotsalazo. Chosafunika ndi kuika kaye kuno n'cholinga choti mudzafukule chaka chamawa ndalama zikapezeka, poti kufukula kumadula komanso kumatsegulanso chilonda.

Chikalata cha manda chikafika, nthawi zina patapita masabata angapo maliro atachitika, chisungeni pamodzi ndi mapasipoti, ndipo ana adziwe pomwe chili ndi nambala ya manda yomwe yalembedwapo. Mukasamuka nyumba, adziwitseni a Bereavement Services adiresi yatsopano, chifukwa mwala ukayamba kugwedera kapena zaka zikamatha amalembera mwini manda ku adiresi yomwe ili m'kaundula wawo. Ndipo ngati bambo ali ndi tsiku limene akupezako bwino, funsani a ofesiyo ngati wina angakuyendetseni kumandako. Ena amalola kuti musankhe nokha pakati pa malo omwe alipo. Onani ngati basi imafika pafupi, ngati pali mpopi wotungapo madzi a maluwa, ndiponso ngati malowo sadikha madzi nthawi ya dzinja la kuno.